Aneba a ku Ashok Vihar ndi Milandu ya Imfa za Dowry ku India

Usiku wa pa 1 Disembala 1980, nthawi itangopitirira pang'ono 9 koloko, anthu okhala m'nyumba zogundizana za ku Ashok Vihar mumzinda wa Delhi adamva mayi akukuwa kupempha thandizo. Adathamangira komweko. Mmodzi mwa iwo adadzauza bwalo la milandu kuti adapeza mwamuna wa mayiyo, Laxman Kumar, ali pakhomo akufuna kutseka chitseko. Anthuwo adakankha n'kulowa, ndipo adapeza Sudha Goel ali chiimire, thupi lili lawilawi. Adamuchotsa nsalu imene adavala, adamuphimba ndi chiguduli, wina adabwera ndi bulangeti. Moto utazima, Sudha adanena anthu onse akumva kuti apongozi ake aakazi ndiwo adamuthira palafini n'kumuyatsa. Adamwalira m'bandakucha ku chipatala cha St Stephen's. Pabanja adali asanakwanitse miyezi khumi, ndipo adali ndi pakati, akuyembekezera kuchira masiku omwewo.

Chigamulo cha mlanduwu ndidachipeza ndikusakasaka zitsanzo za umboni wa munthu amene wayankhula ali pafupi kumwalira. Ndimafuna ndime imodzi yokha yoti ndiike m'ntchito ya m'kalasi, koma ndidapezeka ndawerenga chonse, kenako zigamulo zina zimene zidabwera pambuyo pake. Chimene ndatolamo ndi ichi: mbiri ya milandu imeneyi ndi mbiri ya funso limodzi, lakuti bwalo likhulupirire ndani pamene mkazi wafera m'nyumba imene anthu okha amene adaona ndi omwewo amene akuganiziridwa kuti adamupha. Sudha adali ndi aneba amene adathamanga msanga. Akazi ambiri sakhala nawo. Malamulo onse amene dziko la India lidapanga pambuyo pake ndikuwaona ngati kuyesa kupeza china choti chiime m'malo mwa aneba aja.

Ndikonze kaye chinthu chimodzi, chifukwa mnzanga wogona naye chipinda chimodzi atamva zimene ndimawerenga adafunsa kuti, "Ndiye kuti amaphana chifukwa cha malowolo?" Ayi ndithu. Malowolo amene timawadziwa kumpoto kapena ku Nsanje amachoka kuchimuna kupita kuchikazi. Dowry, imene m'chiyankhulo cha Hindi amati dahej, imayenda chobwerera. Makolo a mkazi ndiwo amapereka ndalama, golide, ziwiya, firiji, njinga yamoto ngakhale galimoto kwa mkamwini ndi abale ake. Mkaziyo amakakhala kwawo kwa mwamuna, monga zimakhalira pa chitengwa. Vuto lalikulu ndi lakuti kupereka sikuthera pa tsiku la ukwati. Akuchimuna akaona kuti zidachepa, amatuma mkazi yemweyo kuti akatenge zina kwa makolo ake, ndipo akabwera chimanjamanja amaona zakuda.

Boma la India lidaletsa mchitidwewu kalekale, mu 1961, ndi lamulo lotchedwa Dowry Prohibition Act. Koma lamulolo lidalibe mano. Chilango chake sichimapitirira miyezi 6 kundende kapena chindapusa cha ma rupee 5,000. Apolisi sakadatha kuyamba okha kufufuza. Choipitsitsa, limalanga wopereka pamodzi ndi wolandira, ndiye ndi bambo uti akadapita kukadzinenera yekha kuti adapatsa mkamwini wake ndalama? Zaka zidadutsa, anthu akupitiriza monga kale. Ndipo m'zaka za m'ma 1970 nyuzipepala za ku Delhi zidayamba kudzaza ndi tinkhani tating'onoting'ono tofanana: mayi wachitsikana wapsa m'khitchini, sitovu ya palafini idaphulika, apolisi ati ndi ngozi.

Amene adayamba kukana kuti sizingakhale ngozi zonse ndi magulu a amayi. Mu 1979 mayi wina wa ku Model Town ku Delhi, Tarvinder Kaur, adamwalira ndi moto atanena kuti akuchimuna ndiwo adamuwotcha, koma apolisi adalemba kuti adadzipha. Gulu la Stri Sangharsh lidachita zionetsero m'dera lomwelo, pamaso pa aneba, ndipo njira imeneyi idafala: kupita kukaima pakhomo pa banja loganiziridwa ndi kulichititsa manyazi. Chaka chomwecho mayi Satyarani Chadha adataya mwana wawo wamkazi amene adapsa kwawo kwa mwamuna ali ndi pakati, patangodutsa masiku ochepa mkamwini atapempha njinga yamoto. Dzina la mayi ameneyu mulisunge, ndibwereranso kwa iwo.

Tsopano tibwerere kwa Sudha, chifukwa mlandu wake udadutsa m'mabwalo atatu ndipo bwalo lililonse lidaona zosiyana pa umboni womwewo.

Ozengedwa mlandu adali atatu: mwamuna wake Laxman, apongozi ake Shakuntala, ndi mlamu wake, mkulu wake wa Laxman. Mlandu udali wakupha, pansi pa gawo 302 la Indian Penal Code. Podziteteza adati Sudha amayatsa sitovu ya palafini kuti atenthetse mkaka wa mwana wa mlamu wake, ndipo moto udagwira nsalu yake. Adalinso ndi chida champhamvu: pepala limene wapolisi adalemba ku chipatala usiku womwewo, pamene Sudha akuti adavomera yekha kuti idali ngozi. Choncho padali mawu a Sudha a mitundu iwiri. Ena adawamva aneba pabwalo, ndiponso mchemwali wake panjira yopita ku chipatala. Ena adali papepala la boma.

Apa m'pamene nkhani imakomera munthu wophunzira za umboni. Mwachizolowezi bwalo silimvera zakuti "ndidamva uje akunena". Koma lamulo la umboni la ku India la 1872, limene limagwira ntchito panthawiyo, pa gawo 32, limalola mawu a munthu womwalira onena za chimene chidamupha. Maganizo akale kumbuyo kwake ndi akuti munthu amene akuona imfa ikubwera sangafe ndi bodza pakamwa. Ndimalemekeza maganizo amenewa, koma sadaganizire za mkazi amene wagona pabedi la chipatala atapsa thupi lonse, mwamuna wake ndi apongozi ali pafupi, iye akuganiza kuti mwina achira ndipo adzayenera kubwerera kunyumba yomweyo. Munthu wotere angathe kunama, osati chifukwa choipa mtima, koma chifukwa cha mantha.

Mu Meyi 1983 woweruza wa bwalo loyamba, S.M. Aggarwal, adakhulupirira aneba, adakana pepala la wapolisi, ndipo adalamula kuti onse atatu anyongedwe. Chigamulochi chimatchulidwa kawirikawiri ngati choyamba kupereka chilango cha imfa pa mlandu wotere. Chisangalalo sichidakhalitse. Chaka chomwecho bwalo la High Court ku Delhi lidatembenuza zonse, lidapereka mphamvu ku nkhani ya ngozi, n'kuwamasula onse. Amayi adachita zionetsero, ndipo boma la Delhi pamodzi ndi bungwe la maloya aakazi la Indian Federation of Women Lawyers adakachita apilo ku Supreme Court.

Chigamulo cha Supreme Court chidatuluka mu Seputembala 1985, ndipo chimene chidandisangalatsa pochiwerenga n'chakuti oweruza adafunsa mafunso amene agogo anu akadafunsa. M'nyumbamo mudali sitovu ya gasi m'khitchini. Nanga mayi wa pakati potha akadatulukiranji panja usiku wa Disembala, nyengo imene ku Delhi kumazizira kwambiri, kukalimbana ndi sitovu ya palafini? Aneba aja adalibe chidani ndi banjalo, akadanamiranji? Nanga pepala lija, bwanji adalilemba wapolisi wofufuza mlandu m'malo moitana majisitireti monga zimayenera kukhalira? Bwalo lidakana pepalalo, lidalandira mawu amene Sudha adanena pakamwa, ndipo lidapeza mwamuna ndi apongozi olakwa. Silidabwezeretse chilango chonyongedwa, lidawapatsa ukaidi wa moyo wonse. Mlamu uja adamasulidwa chifukwa umboni womukhudza udali wokayikitsa.

Onani kuti mlanduwu udapambana popanda lamulo lapadera la imfa za dowry, chifukwa panthawiyo kudalibe. Udapambana chifukwa anthu angapo adathamanga atamva kukuwa, adakankha chitseko, ndipo patapita nthawi adaimabe m'khoti n'kunena zimene adaona. Ngakhale zidali choncho, bwalo limodzi mwa atatu lidawamasula onse. Tsono taganizani za mlandu umene palibe adamva kukuwa, mtembo udawotchedwa mwamwambo tsiku lomwelo makolo a mkazi asanafike, ndipo umboni wonse ndi wa bambo wolira amene akuti, "Mwana wanga amandiuza kuti akumuzunza."

Aphungu a nyumba ya malamulo adayankha m'magawo awiri. Mu 1983, chaka chimene bungwe la Law Commission lidatulutsa lipoti lake la nambala 91 lokhudza imfa zimenezi, adaonjezera gawo 498A, limene lidasandutsa nkhanza za mwamuna kapena abale ake kwa mkazi kukhala mlandu wa zaka zofika zitatu kundende. Adalamulanso kuti mkazi akamwalira mokayikitsa zaka 7 za ukwati zisanathe, thupi lipimidwe ndi dokotala ndipo majisitireti afufuze. Mu 1986 adaonjezera gawo 304B, limene lidapanga mlandu watsopano wotchedwa imfa ya dowry. Woimira boma ayenera kuonetsa zinthu izi: kuti mkazi wafa ndi moto, mabala kapena m'njira ina yosakhala yachilengedwe, kuti wafa zaka 7 za ukwati zisanakwane, ndiponso kuti nthawi yochepa asanamwalire amazunzidwa ndi mwamuna kapena abale ake pa nkhani yofuna dowry. Zikatsimikizika zimenezi, gawo 113B la lamulo la umboni la nthawiyo limalamula bwalo kuganiza kuti wozunzayo ndiye adachititsa imfayo, ndipo ntchito yodziyeretsa imagwera iye. Chilango ndi zaka zosachepera 7, mpaka moyo wonse.

Kusinthaku sikudali kwamasewera. Ife amene timaphunzira kuti munthu ndi wosalakwa mpaka boma litatsimikiza kulakwa kwake, mfundo imene ilinso m'gawo 42 la malamulo oyendetsera dziko lathu, timachita kakasi tikawerenga gawo 113B. Boma silifunikanso kuonetsa amene adagwira machesi. Silifunika n'komwe kuonetsa kuti padali machesi, pakuti ngakhale mkazi atadzipha yekha, mlandu wa 304B umagwirabe. Ine nditasinkhasinkha ndidagwirizana nawo aphunguwo. Zimene zidachitika m'khitchini usiku amazidziwa ndi eni nyumba, ndipo si nkhanza kuwafunsa kuti afotokoze, makamaka pamene boma layamba latsimikiza kaye kuti mkaziyo amazunzidwa.

Koma lamulo likalembedwa, maloya amakhala pansi kuliwerenga liwu ndi liwu, ndipo nkhondo idasamukira pa mawu. Oyamba adali mawu awiri a Chingerezi, "soon before", kutanthauza nthawi yochepa imfa isanachitike. Yochepa bwanji? Sabata? Miyezi itatu? Ngati akuchimuna adavuta za galimoto chaka chatha, kenako n'kukhala chete, mkazi n'kufa lero, kodi zikugwirizana? Ozengedwa milandu ambiri adapulumukira pa mpata umenewu. Pa mlandu wa Kans Raj mu 2000, Supreme Court idati mawuwa sangaikidwe pa kalendala, chofunika n'chakuti pakhale ulusi wooneka wolumikiza nkhanzazo ndi imfayo. Koma mpaka mu Meyi 2021, pa mlandu wa Satbir Singh, bwalo lomwelo motsogozedwa ndi mkulu wa oweruza N.V. Ramana lidayenera kubwerezanso kuti mawuwa satanthauza mphindi zomaliza zenizeni. Ngati bwalo lalikulu likufotokozabe mawu awiri patatha zaka 35, ndiye kuti m'mabwalo ang'onoang'ono zinthu zimayenda mosiyanasiyana.

Liwu lachiwiri lidali "dowry" lenilenilo, ndipo pano pali chigamulo chimene chimandiwawa nthawi zonse ndikachikumbukira. Mu 2007, pa mlandu wa Appasaheb wochokera ku Maharashtra, mkazi adamwalira ndi poizoni, ndipo mabwalo awiri adapeza mwamuna ndi mayi ake olakwa. Umboni udali wakuti mkaziyo amatumidwa kukatenga ndalama kwa makolo ake zogulira zofunika pakhomo ndi manyowa a kumunda. Supreme Court idati kupempha ndalama chifukwa cha mavuto a pakhomo kapena kugulira manyowa si dowry, chifukwa sikukhudzana ndi ukwati, ndipo idawamasula. Mwa kuwerenga kouma, mfundoyo imamveka. Koma funsani kuti n'chifukwa chiyani ndalama za manyowa ziyenera kuchokera kwa bambo a mkazi osati kwa munthu wina aliyense, mupeza kuti yankho ndi ukwati womwewo. Chigamulo chimenechi chidaphunzitsa akuchimuna chinthu chophweka: usatchule liwu loletsedwalo, ingonena kuti bizinesi yavuta.

Padatenga zaka 8 kuti chikonzedwe. Mu 2015 oweruza atatu pa mlandu wa Rajinder Singh adanena poyera kuti chigamulo cha Appasaheb sichidatanthauzire lamulo molondola. Ndipo mu Januwale 2022, pa mlandu wa Jogendra wochokera ku Madhya Pradesh, bwalo lidagamula kuti ndalama zopempha kuti amangire nyumba nazonso ndi dowry. Mkazi wa pa mlandu umenewu adafa ndi moto mu 2002 ali ndi pakati. High Court idali itachotsa mlandu wa 304B kwa mwamuna ndi apongozi aamuna ponena kuti nyumba si dowry. Pofika tsiku limene Supreme Court imabwezeretsa mlanduwo n'kuwapatsa zaka 7, padali patadutsa zaka pafupifupi 20. Akuluakulu amati mlandu suwola. Mlandu suwoladi, koma mboni zimakalamba, zimaiwala, zimasamuka, zina zimamwalira.

Pali dandaulo lina limene silimveka kawirikawiri, lochokera mbali ina. Popeza mlandu wa 304B ndi wosavuta kutsimikiza kuposa wakupha, wapolisi waulesi angathe kulemba 304B pa imfa imene ndi kupha kwenikweni, wakuphayo n'kulandira zaka 7 m'malo mwa moyo wonse. Mu 2010 Supreme Court idalangiza mabwalo kuti aziphatikizapo mlandu wakupha, kenako mu 2013 idafotokoza kuti zimenezi zizichitika pokhapokha umboni ukaloza komweko. Kukadakhala gawo 304B mu 1980, mwina mlandu wa Sudha ukadayenda mofulumira, koma n'kuthekanso kuti palibe akadavutika kufunsa za sitovu ya gasi ija.

Nanga ziwerengero zikuti chiyani? Bungwe la boma losunga ziwerengero za milandu, National Crime Records Bureau, lidalemba imfa za dowry 6,450 m'chaka cha 2022. Mukagawa ndi masiku a pachaka, ndi akazi 17 kapena 18 tsiku lililonse. Zigawo za Uttar Pradesh ndi Bihar ndizo zimakhala patsogolo. Mwa milandu imene imafika pamapeto m'khoti, pafupifupi umodzi mwa itatu ndiwo umathera pa kupezeka wolakwa, ndipo yochuluka zedi imangodikira chaka ndi chaka osazengedwa.

Nambala ya "umodzi mwa itatu" imeneyi anthu amaikokera mbali ziwiri. Magulu omenyera ufulu wa abambo ku India amati ndi umboni wakuti milandu yambiri ndi yabodza. Magulu a amayi amati ndi umboni wakuti akupha akuyenda mfulu. Ine ndikuona kuti nambalayo payokha singanene chilichonse mwa ziwirizi. Kumasulidwa kumangotanthauza kuti boma lalephera kutsimikiza, ndipo njira zolepherera n'zambiri. Wapolisi adafika mochedwa, malo atakolopedwa kale. Mawu omaliza adalembedwa popanda majisitireti. Makolo a mkazi, amene ndiwo mboni zazikulu, adasintha mawu m'khoti chifukwa zidzukulu zawo zikuleredwa ndi banja lomwe akulizenga, kapena chifukwa chotopa ndi maulendo a ku khoti, kapena chifukwa adagwirizana kunja. Palinso chowawa china: makolo ambiri amene amadzalira m'khoti ndi omwewo amene adabweza mwana wawo ku banja pamene adathawira kwawo, akumuuza kuti apirire. Loya wa wozengedwa amangofunsa kuti, "Ngati amazunzidwa, mudakadandaula kuti?" Ndipo yankho limakhala lakuti sadadandaule kulikonse.

Komabe sindinganamizire kuti dandaulo la mbali inayo lilibe maziko. Banja lokwiya limatha kutchula aliyense wa kuchimuna, ngakhale mlamu amene amakhala mzinda wina ndi agogo osatha kuyenda. Pa mlandu wa Kans Raj womwe uja oweruza adachenjeza kuti kukokera abale onse m'mlandu kumafooketsa umboni wokhudza olakwa enieni. Pa gawo 498A mawu a oweruza adafika polimba kwambiri: mu 2005 Supreme Court idachenjeza kuti kuligwiritsa ntchito molakwika kungabale uchigawenga wa mtundu watsopano wodzera m'malamulo, ndipo mu 2014, pa mlandu wa Arnesh Kumar, idaletsa apolisi kumanga anthu mwachisawawa akangolandira dandaulo. Mu 2017 idafika polamula kuti madandaulo otere aziyamba aunikidwa ndi makomiti a m'maboma munthu asanamangidwe, koma mu 2018 idabweza yokha lamulo limenelo.

Chimene ndimakana ndi kusakaniza milandu iwiriyi. Pa 498A mkazi ali moyo, ndipo n'zotheka kuti wakokomeza pofuna kupambana pa mkangano wa banja. Pa 304B pali mtembo. Mkangano ungakhale pa chimene chidamupha kapena amene adachititsa, koma palibe mkazi amene adafa pofuna kuvutitsa apongozi ake ndi mlandu wabodza. Ndipo pali chinthu chimene chimandidetsa nkhawa: gawo 498A ndilo limayenera kugwira nkhanza mkazi akadali moyo, n'kusiya dandaulo lolembedwa limene lingadzakhale umboni. Apolisi akazolowera kuona dandaulo lililonse ngati lokayikitsa n'kumabweza akazi kuti akakambirane kunyumba, ulusi uja umene bwalo limadzaufuna pa mlandu wa imfa umakhala utaduka kale.

Mlandu waposachedwa umene umaonetsa bwino mfundo yanga ndi wa Vismaya Nair wa ku Kerala. Adali wophunzira ngati ine ndi inu, amaphunzira za mankhwala a Ayurveda. Adakwatiwa mu 2020 ndi Kiran Kumar, wogwira ntchito ku nthambi ya boma yoona za magalimoto. Makolo ake adapereka golide wochuluka, malo ndi galimoto, koma mkamwini sadakondwe ndi mtundu wa galimotoyo. Pa 21 Juni 2021 Vismaya adapezeka atamwalira kunyumba kwa mwamuna wake m'boma la Kollam. Palibe mneba adakankha chitseko. Koma Vismaya adali atatumiza mauthenga ndi zithunzi za mabala ake pa WhatsApp kwa abale, ndipo padali mawu ojambulidwa pa foni. Mu Meyi 2022, chaka chisanathe, bwalo la ku Kollam lidapeza mwamunayo wolakwa n'kumupatsa zaka 10 pansi pa gawo 304B. Boma lidali litamuchotsa kale ntchito.

Anthu adayamikira liwiro limenelo, ndipo n'zomveka. Ine chimene ndidaona n'chakuti foni idagwira ntchito imene aneba a ku Ashok Vihar adagwira mu 1980. Idasunga mawu a mkazi iye asanaopsezedwe kuti awasinthe, ndipo idaika tsiku ndi nthawi pa nkhanza iliyonse, kotero kuti funso la "nthawi yochepa asanamwalire" lidayankhika lokha. Koma tisaiwale kuti Vismaya adali wophunzira, adali ndi foni yakeyake, banja lake lidali lodziwa kuyankhula ndi atolankhani, ndipo dziko lonse lidali tcheru. Mtsikana wa m'mudzi ku Bihar amene foni ya pakhomo imasungidwa ndi mwamuna alibe zonsezi. Ndiponso mlanduwo sudathere pomwepo: Kiran Kumar adachita apilo, ndipo mu Julayi 2025 Supreme Court idamulola kutuluka pa belo podikira kuti apiloyo imvedwe.

Kuyambira pa 1 Julayi 2024 dziko la India lidasiya Indian Penal Code ya nthawi ya atsamunda n'kuyamba kugwiritsa ntchito lamulo latsopano lotchedwa Bharatiya Nyaya Sanhita. Gawo 304B tsopano ndi gawo 80. Nambala idasintha, mawu ake ndi omwe aja a 1986, pamodzi ndi zaka 7 zija ndi mawu awiri aja ovuta.

Ndidalonjeza kubwerera kwa mayi Satyarani Chadha. Mwana wawo adafa mu 1979, malamulo a 1983 ndi 1986 aja asanabadwe, ndipo lamulo lolanga silibwerera m'mbuyo, choncho palibe gawo 113B limene likadawathandiza. Adayenda okha m'makhoti. Chithunzi chawo atanyamula chithunzi cha mwana wawo pa zionetsero chidadziwika m'dziko lonse. Mu 1987, pamodzi ndi mayi Shahjahan Aapa amene nawonso mwana wawo adafa ndi moto kwawo kwa mwamuna, adakhazikitsa bungwe la Shakti Shalini ku Delhi, lopereka pogona ndi thandizo kwa akazi othawa nkhanza za m'banja, kuti ena athawe akadali moyo. Mlandu wa mwana wawo udafika pamapeto ku High Court ya Delhi mu 2013, patatha zaka 34, pamene bwalo lidatsimikiza kuti mkamwini uja ndi wolakwa. Mlandu umene adamupeza nawo sudali wakupha, udali wochititsa kuti mkazi wake adziphe, ndipo chilango chidali zaka 7. Mayi Chadha adamwalira chaka chotsatira, mu 2014.